Chiwongolero cha Thirakitala pa Boti la pa Ruo

Lolemba, m'mawa

Ndakwiya. Ndalemba mawu amenewa poyambirira penipeni kuti tsiku lina ndikadzatsegula kope ili ndisadzanamizire munthu. Sabata ino ndayiyamba ndili wokwiya kale.

Zaka 26 ndakhala ndikuyendetsa thirakitala ku esiteti ya tiyi. Mvula, matope, chitunda, ngolo itadzaza masamba, sindinaponde tsinde la tiyi ngakhale limodzi. Lero mphindi zitatu zokha pamadzi, ndili m'bango mpaka m'khosi.

Boti ndi langa. Ndinaligula kwa msodzi wina wa ku Chilwa nditapuma ntchito. Ndi laling'ono, la anthu asanu ndi mmodzi, injini yake yopachika kumbuyo. Cholinga n'choti ndiziwolotsa anthu pa Ruo pano, a kutsidya ku Mozambiki obwera ku msika wa Milonde, ndi akuno opita kukaona abale. Zomveka bwinobwino.

Chosamveka ndi mkono. Injiniyi ili ndi mkono wachitsulo ngati mpini wa khasu, umakhala kumbuyo n'kuugwira. Ukaukankhira kumanzere, boti lipita kumanja. Ukaukankhira kumanja, lipita kumanzere. Anapanga zimenezi ndani? Anali atamwa chiyani?

Amayi ochapa pamwala aseka mpaka wina wagwetsera sopo m'madzi. Zamuyenera.

Lolemba, masana

Nkhani yakula.

Pomwe ndamangirira boti ndi kumapeto kwa dimba la apongozi anga. Ndi pokhapo potsetsereka bwino. Kwina konse ndi phompho, kapena ndi pa doko la anthu a mabwato omwe sangandilole ngakhale kutsukapo mapazi. Popanda malo amenewa boti langa ndi beseni lalikulu chabe. Ine pano ndine mkamwini, zaka 24, ndilibe ngakhale chulu.

A Dayitoni, mkamwini mnzanga, amuna a mng'ono wawo wa mkazi wanga, akufuna malo omwewo kuti aziumbapo njerwa. Njerwa! M'mbali mwa mtsinje wosefukira chaka ndi chaka.

Apongozi agamula kudzera mwa mwana wawo, mayi a Limbani, omwe ndi akunyumba kwanga. Loweruka likubwerali akufuna kukazonda achemwali awo kutsidya, omwe mwendo wawavuta. Mawu awo ndi awa: "Akandiwolotsa bwino, malo ndi awo. Akandinyowetsa, a Dayitoni aumbe."

Zoipa za mkono:
1. Umatsutsa.
2. Umanjenjemeretsa dzanja mpaka mano.
3. Utsi wonse umathera m'mphuno mwanga.
4. Wokhala kumbuyo saoneka ngati dalaivala, amaoneka ngati katundu woiwalika.
5. Apongozi.

Nambala 5 ndiyo yaikulu. Zaka zonsezi ine ndi apongozi sitinayang'anizanepo maso, ndiwo mwambo wake kuno. Tikakumana panjira wina amapatukira m'chinangwa, nthawi zambiri ine. Akafuna kundiuza kanthu amauza mayi a Limbani, ine ndili kuseri kwa nkhokwe ndikumva zonse, kenako mayi a Limbani n'kudzabwereza ngati sindinamve. Ndimawadziwira kutsokomola kwawo ndi zidendene basi.

Tsono m'boti laling'ono chonchi, ine kumbuyo ndi mkono wanga. Akakhala chondiyang'ana, ndiye maso ndi maso. Akakhala choyang'ana kutsogolo, ndiye ine maso pamsana pa apongozi mtsinje wonse. Nditsinzine? Ndikuchita ngozi ndili maso, nanga nditatsinzina?

Yankho ndi chiwongolero kutsogolo, ngati galimoto. Ine kutsogolo maso pamadzi, iwo kumbuyo, mwambo wasungika. Ndawauza mayi a Limbani kuti zonsezi ndikuchitira ulemu mayi awo. M'kope muno ndinene zoona, mkono wandikanika.

Lachiwiri

Limbani, mwana wanga yemwe ali ku Joni, wadzaza foni yanga ndi mavidiyo a maboti oyera ngati mano a khanda. Akuti ndisankhepo mtundu wa chiwongolero. Kusankha n'kosavuta ukakhala kutali.

1. Cha waya wokhuthala woyenda m'paipi, wochoka pa chiwongolero kukakankha injini. Ndaimbira sitolo ina ku Blantyre. Mtsikana woyankha wandifunsa kutalika kwa boti. Ndati ndi mapazi anga 14 nditavula nsapato. Wati ndiyeze ndi tepi. Ndabwereka tepi kwa telala, ndayeza, ndaimbanso. Wati zikomo bambo, koma tilibe, timachita kuitanitsa, masabata atatu. Bwanji osayambira pamenepo?
2. Cha mafuta, ngati cha mathirakitala atsopano aja, chozunguza ndi chala chimodzi. Limbani wanena mtengo wake, ine ndazimitsa foni.
3. Kulumikiza paipi ku mkono kuti utalike, ine ndizikhala pakati. Ndiye kuti mkono womwewo, kutsutsa komweko, kungoti tsopano ndakhala pamiyendo pa apongozi. Ayi.
4. Cha zingwe. Chiwongolero kutsogolo, chingwe uku, chingwe uko, zonse kukamangidwa ku mkono. Ukazunguza, chingwe chikoka. Limbani akuti n'chachikale, palibe akuchigwiritsa ntchito. Inenso ndine wachikale, tigwirizana.

Nambala 4.

Ndayesanso mkono masana ano, kungoti ndiutsanzike. Bango lomwe lija. Ochapa tsopano akubwera ndi nzimbe, akukhala pansi ngati kuli mpira.

Apongozi nawo anali pachulu cha m'dimba, atafunda nsalu, nkhope kumbali. Madzulo uthenga wafika kudzera kwa mayi a Limbani: "Auzeni kuti Ruo samudula pakati. Amayamba akwera, kenako madzi amawatula okha."

Taonani! Gogo wa zaka zake, yemwe wakhala osawoloka zaka zisanu ati chifukwa anyamata a mabwato a masiku ano sadziwa madzi. Ndi mantha amenewo, tisanamizane. Lero aziphunzitsa munthu wa laisensi?

Mayi a Limbani anayamba kuti, "Koma paja amayi kalelo…" Ndawadula. Ndati nkhani za injini si za kudimba. Angondiyang'ana n'kupitiriza kusadzula nkhwani.

A Dayitoni ndawaona akuyenda chamtali m'mbali mwa doko langa, akuwerenga mapazi, milomo ikugwedera. Atandiona ati akufuna mbuzi yawo. A Dayitoni alibe mbuzi.

Lachitatu

Ndachotsa chiwongolero pakhoma.

Ndi cha thirakitala yanga yoyamba. Itafa, amakaniko anandipatsa kuti ndizikumbukira. Chakhala pabalaza zaka zonsezi pamwamba pa wailesi, ndimachipukuta Loweruka lililonse. Pomwe pamakhala chala changa chachikulu panaterera mpaka pano. Pakhoma patsala bwalo loyera. Mtima wandiwawa pang'ono, koma chinthu chimenechi sichinabadwire kukhala pakhoma.

Kabaza mpaka pa Muloza, chiwongolero pamiyendo. Wakabaza wafunsa ngati galimoto yonseyo inabedwa n'kunditsalira chimenechi.

Che Saidi, wowotcherera wa kuseri kwa msika, wamvetsera, wajambula pansi ndi msomali, wagwedeza mutu ngati wapangapo makumi awiri. Zofunika:
— paipi ya mpope wakufa, yoimikapo chiwongolero;
— habu ya njinga, yokulungapo chingwe;
— timagudumu tinayi ta mpando wa mu ofesi, todutsapo chingwe m'makona;
— chingwe cholimba, chachitali.

Zitatu zoyambazo anali nazo pa mulu wake wa zitsulo. Chingwe wati ndipeze ndekha. Ndamufunsa ngati zigwiredi ntchito. Wati, "Achimwene, inshallah. Chitseko cha geti chimamvera, boti n'chiyani?"

Chingwe ndachipeza. Ndi cha nayiloni, chabuluu, chinali pakati pa mtengo wa mapeyala ndi bafa. Zovala ndaziika bwinobwino pa udzu.

Mayi a Limbani sakundilankhula. Nsima yabwera, ndiwo zabwera, mawu ayi. Malaya anga a kutchalitchi okha ndi omwe nkhuku zapondaponda, sindikudziwa kuti zinasankha bwanji.

A Dayitoni amva kale za chiwongolero, m'mudzi muno ngakhale kuyetsemula kumafika kwa mfumu. Afika ndi njinga yawo yamoto, osazimitsa, n'kunena mokweza kuti apongozi amve kuseri: "Ndiye mukawafulatira amayi mtsinje wonse? Kuwapatsa nkhongo? Ife kwathu sitinaleredwe choncho." Awonjeza kuti iwo akhoza kuwatenga pa njinga, kuzungulira pa mlatho wa Muloza, owuma bwinobwino.

Ndikawayang'ana ndalakwa. Ndikawafulatira ndalakwa. Ndiyendetse ndili chogona?

Komanso pa njingapo apongozi adzagwira m'chiuno mwa ndani? Funso limeneli ndaliganiza iwo atapita kale. Zimandipweteka kwambiri zimenezi.

Lachinayi, m'mawa

Che Saidi wabwera, wamanga. Kunena zoona n'chokongola. Paipi yaima njo kutsogolo, chiwongolero pamwamba, chingwe chabuluu chikuyenda m'mbali zonse ziwiri mpaka ku mkono. Ndakhala pa thabwa lakutsogolo, ndagwira, maso pamadzi. Ndamva ngati ndabwerera pantchito.

Vuto laling'ono: moto wa injini umawonjezedwa popotokola nsonga ya mkono, ndipo mkono uli kumbuyo, ine kutsogolo. Che Saidi wati ndizilizira kumbuyo, ndiike moto wapakatikati, ndimange ndi lekeni wa chubu cha njinga, kenako ndithamangire kutsogolo. Pozimitsa wandimangira ulusi wautali, ndizingokoka. Nzeru.

Anthu adzaza pagombe. Ochapa, a mabwato, a Dayitoni, ndi nsalu ija pachulu.

Lachinayi, masana

Ndikulemba ndili ndi ukali.

Ndaliza. Ndamanga lekeni. Ndathamangira kutsogolo, bondo pa thabwa, phazi m'chitini chokapira madzi. Pomwe ndimagwira chiwongolero boti linali litanyamuka kale lokha. Ndazunguza kumanja. Lapita kumanzere! Ndazunguza kwambiri kumanja, lapita kwambiri kumanzere. Chiwongolero changa chomwe, cha zaka zonse zija, chaphunzira mwano tsiku limodzi.

Tazungulira kawiri pakati pa mtsinje. Ndakoka ulusi wozimitsira, ulusi wabwera wonse m'manja mwanga, injini ikulirabe.

Ndafika ku Mozambiki. Osati padoko. M'munda wa mbatata wa bambo wina, mphuno ya boti pakati pa mizere. Bamboyo watuluka ndi khasu akukalipa Chilomwe chosakaniza ndi Chipwitikizi. Ndamvapo mawu amodzi okha, "maluku", ndipo sanafunike womasulira: wamisala. Ndapepesa, ndakonza mizere iwiri ndi manja.

Injini yakana kulira, udzu wakulunga pa chopalasira chake. Wandikoka pobwerera ndi mnyamata wa bwato, mmodzi wa omwe ndinkati ndiwalanda makasitomala. Boti la injini kukokedwa ndi nkhafi, mudzi wonse ukuona. Wakana kulandira chilichonse, wati kuseka komwe waseka kwakwana.

Che Saidi wayang'ana zingwe nthawi yaitali. Wati wamanga molondola, chamanja kumanja, chamanzere kumanzere. Eya, ndiye chikukokera mkono kumanja, ndipo mkono uja ndi wotsutsa uja! Tawononga masiku awiri kuti kutsutsa kuchoke kumbuyo kubwere kutsogolo. Wati, "Ine ndimapanga mageti, achimwene. Geti silikhala pamadzi."

Dzulo geti linali mboni yake.

Uthenga wochokera pachulu: "Afunseni ngati mbatata zakhwima kutsidyako."

Lachisanu

Che Saidi ali ku mzikiti, ndipo wanena kuti akatuluka ali ndi maliro, ukwati ndi mutu. Ndatsala ndekha.

Ndamasula chingwe pa habu, ndachikulunga chobwerera. Tsopano kumanja ndi kumanja. Zinangofunika dalaivala.

Koma nayiloni wanyowa, watamuka. Ndikazunguza kamodzi, palibe. Kawiri, palibe. Kachitatu ndiye boti likuti, mwandiitana? Likamayamba kukhota ine ndafuna kale kwina. Ndakunga ndi lekeni mbali zonse. Kagudumu kamodzi kathothoka, ndakhomerapo msomali wopinda. Ndayesa m'mbali mwenimweni, madzi a m'mawondo. Bango ndaligunda kamodzi kokha, komanso mwaulemu.

Mvula yagwa kuphiri. Ruo wafiira, wakwera chikhatho chimodzi, akubweretsa zinyalala ndi zipika. Ndikuopa. Ndalemba, ndipo sindifufuta.

A Dayitoni akhoma zikhomo zinayi padoko langa, ati angofuna aone mmene zingaonekere. Atsukanso njinga, mpaka matayala.

Za nkhongo zija mayi a Limbani athetsa okha. Alankhula lero, mawu asanu ndi awiri: "Tiika nsalu pakati, nkhani ithe, ndatopa nanu." Alumikiza zitenje ziwiri, apachika pa nsungwi pakati pa boti. Ine kutsogolo, iwo pakati, apongozi kumbuyo kuseri kwa nsalu. Sindiwaona, sandiona, palibe wafulatira mnzake. Boti langa tsopano likuoneka ngati bafa loyenda.

Chakumadzulo apongozi atsika pachulu kudzaona pomwe adzakhale. Ine ndabisala m'nthochi monga mwa nthawi zonse, nyerere zikundikwera. Akhala nthawi yaitali kumbuyo kuja. Mafunso awo, kudzera kwa mwana wawo:
— Moto wake amawonjezera pati?
— Pozimitsa amakoka chiyani?
— Mfundo iyi wamanga ndani?

Ndayankha zonse kuchokera m'nthochi. Okalamba ali ngati ana, chilichonse afuna agwire. Za mfundo ndati ndine. Atsokomola.

Loweruka, kutsidya, dzuwa lili pamutu

Ndawoloka! Ndikulemba nditakhala pa muzu wa mkuyu ku Mozambiki, padoko penipeni, osati m'mbatata.

Ndilembe mwadongosolo kuti adzukulu adzawerenge. Anthu pagombe ngati pa msonkhano. A Dayitoni pa njinga yawo, injini ikulira, ati podikira. Apongozi akwera, ine maso kuphiri. Ndaliza injini nditatembenuzira nkhope kumbali, ndamanga lekeni, ndadutsa pansi pa nsalu nditatsinzina, ndagwira chiwongolero.

Ndipo boti lamvera. Lero lokha lamvera! Chiwongolero chopepuka ngati cha mafuta chija, chala chimodzi. Takwera kaye m'mbali mwa bango, pomwe madzi ndi ofatsa, mpaka pa mtengo wogwa uja. Kenako tadula chopendekera, madzi atinyamula okha. Sindikukumbuka kuti ndinaganiza zokwera kaye, koma dzanja la dalaivala weniweni limaganiza lokha.

Pakatikati chipika chachikulu chikubwera, chakuda, mizu m'mwamba. Ndazunguza, sindikudziwa kuti kuti. Injini yatsitsa mawu yokha, chipika chadutsa pamphuno pathu, injini yakwezanso. Ngakhale lekeni akundimvera.

Tafika mwakachetechete ngati tsamba. Dontho ngakhale limodzi pa nsalu ya munthu. Ndakoka ulusi, ngakhale ndikuona ngati injini inali itazima kale pang'ono.

Mkulu wina wa imvi padoko waomba m'manja n'kunena kuti dzanja lija likadalipo. Sindikumudziwa, mwina anandionapo ku esiteti. Ndamuthokoza.

A Dayitoni, zulani zikhomo.

Loweruka, patapita ola

Apongozi ndi mayi a Limbani akwera kumudzi kukazonda odwala. Ine ndati ndione zingwe tisanabwerere.

Chingwe sichili pa mkono.

Sichinaduke. Chamasulidwa, mbali zonse ziwiri, chakulungidwa bwinobwino n'kuikidwa pansi pa thabwa, chomangidwa mfundo ina yomwe sindinaionepo. Lekeni wa moto uja wapachikidwa pa msomali.

Ndazunguza chiwongolero. Chazungulira. Mkono uli phee.

Ndakhala pansi.

Mayi a Limbani atatsika kudzatenga thumba la ufa ndawaonetsa. Sanadabwe n'komwe. Ati amayi anamasula tisanachoke pagombe, nditangodutsa pansi pa nsalu. Ati bambo awo a apongozi ndiwo anali mwini doko lino. Apongozi anayamba kugwira nkhafi kumbuyo kwa bwato asanathe msinkhu, ndipo nthawi ya nkhondo ya kutsidya kuno anawolotsa anthu osawerengeka, mkulu wa imvi uja ndi banja lake ali m'gulu lomwelo. Mkono wa injini ati sanauone chachilendo, nkhafi yowongolera nayo imatero.

Ndafunsa chifukwa chomwe sanandiuzire zaka 24 zonsezi. Ati, "Lachiwiri ndinayamba. Munati za injini si za kudimba. Safunsa anadya phula, bambo a Limbani."

Ndakwiya ndi mayi a Limbani. Ndakwiya ndi Che Saidi, Limbani, mtsikana wa ku Blantyre, msodzi wa ku Chilwa. Ndafufuza wina woti ndimukwiyire, ndapeza kuti watsala mmodzi, wakhala pa muzu wa mkuyu. Ndinamuthokoza mkulu uja. Ndinachita kuvula chipewa.

Loweruka, madzulo, kunyumba

Pobwerera ndinafuna kumanganso chingwe. Mayi a Limbani anangoloza mtsinje. Unali utakweranso. Ndinachisiya pansi pa thabwa.

Ndaliza injini, ndadutsa pansi pa nsalu, ndakhala kutsogolo, manja pamiyendo. Ndati chiwongolero sindigwira. Munthu wamkulu sangamasewere galimoto ya mawaya pamaso pa mkazi wake. Boti lakwera, ladula, likuyenda bwino lomwe popanda ine.

Tayandikira kwathu. Gombe lakuda ndi anthu, a Dayitoni aimirira pa chishalo cha njinga kuti aone bwino. Kuchokera kumene aliko akuona nkhalamba itafunda nsalu, yatsamira injini ngati ikuopa madzi. Akuonanso dalaivala atapinda manja.

Ndiye kuseri kwa nsalu kwamveka kutsokomola kuja. Kenako mawu, osadzera kwa mwana wawo, olunjika kwa ine, koyamba chikwatirire m'mudzi muno:

"Bambo a Limbani, zunguzani. Anthu akuona."

Ndazunguza.

Ndazunguza mpaka padoko, msana chilili, ngati ndikulowetsa ngolo pa sikelo. Ochapa aja alulutira. Mnyamata wa bwato uja wavula kapusi. A Dayitoni azimitsa njinga.

Lamulungu

Sindinapite kutchalitchi. Malaya aja sanachapidwebe.

Uthenga wafika m'mawa, kudzera kwa mayi a Limbani monga kale. Zadzulo zija zinali za tsiku limodzi, mwambo wabwerera m'malo mwake. Doko ndi langa. Zotsatira zake:
1. Nsalu isachoke pakati.
2. Chingwe chibwerere pa mtengo wa mapeyala. M'boti ndiikemo china chilichonse, bola chizioneka.
3. Masiku a msika apongozi azikwera nawo, ati mphepo ya pamtsinje imawathandiza chifuwa. Malo awo ndi a kumbuyo, wina asakhalepo.
4. Masiku opanda msika, m'mamawa anthu asanadzuke, ine ndizikhala kumbuyo ndi mkono, iwo kutsogolo kuseri kwa nsalu, mayi a Limbani pakati kunyamula mawu. Ati mwina pofika nthawi yokolola ndidzasiya kudya bango.

A Dayitoni azula zikhomo. Abwera okha kudzandigwira chanza, ati sankadziwa kuti ndine katswiri chotere. Zaka zonsezi ndakhala ndikudikira mawu amenewa, lero afika ndilibe poyika nkhope.

Che Saidi waimba foni. Mutu wapola. Ati mbiri yafika pa Muloza, anthu awiri a maboti akufuna chiwongolero ngati changa, ndiwauze chinsinsi chake. Ndati chinsinsi chake n'chovuta kuchipeza, ndipo sichiwotcherereka.

Limbani akufuna vidiyo. Ndamuuza kuti ajambule kutsogolo kokha akadzabwera.

Ukali watha, kwatsala kutopa. Ndapita kudoko masana, ndakapa madzi, ndachotsa udzu ku injini, ndayala kasaka pa thabwa lakumbuyo kuti pasamazizire. Pakhoma la pabalaza mayi a Limbani apachikapo kalendala kubisa bwalo lija.

Chiwongolero ndachipaka girisi. Chikuzungulira bwino kwambiri.